Chaka Chimene Amayi Aang'ono Ankadya Dothi

Fungo la mafuta a makina osokera likasakanikirana ndi la chitenje chatsopano chimene chapsa pang'ono ndi simbi yamakala, mtima wanga umabwerera ku Kandeu, pakhonde la golosale ina yoyang'ana kumsika. Pakhondepo ndi pamene amayi anga aang'ono, aNangozo, ankasokera. Inali nyengo yachisanu. M'mawa nkhungu inkatsika m'mapiri n'kukuta milu ya kachewere pamsika, ndipo milomo ya ife ana inkang'aluka mpaka kutuluka magazi. Ine ndinali mu Sitandade 2. Amayi ondibereka anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo mng'ono wawoyu ndiye ananditenga. Analibe mwana wawo. Amuna awo ankagwira ntchito pafamu ku Joni ndipo ankabwera pa Khirisimasi basi, choncho m'nyumba tinkakhala awiriwiri.

Chaka chimenecho kunali chisankho, ndiye ntchito inawachulukira. Azimayi ankabwera ndi zitenje za zipani, zojambulidwa nkhope za azibambo akumwetulira, kuti awasokere madiresi ndi mabulauzi. Wina ankatha kubweretsa cha chipani ichi Lolemba, n'kudzabweretsanso cha chipani china Lachinayi. Amayi aang'ono ankangolandira, amvekere, "Singano ilibe chipani." Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pansi pafupi ndi mapazi awo n'kumatolera tizidutswa ta nsalu, uku makina akulira osapuma, mapazi akupalasa, lamba akuzungulira.

Sindikudziwa tsiku limene zinthu zinayamba kusintha. Ndimangokumbukira kuti pafupi nafe pankakhala aNamaseko, mayi wachikulire wa mawu aakulu, amene ankakazinga zitumbuwa. Kale amayi aang'ono ankazikonda zitumbuwazo. Mwadzidzidzi fungo la mafuta otentha likangowafika, ankadzuka msangamsanga, dzanja lili pakamwa, n'kuthamangira kuseri kwa golosale. Pobwerako maso ankakhala atafiira. Kenako anapempha anyamata a pamsika kuti asunthire makina kumapeto kwa khonde, kumene mphepo inkachokera, ndipo pansi pa tebulo anaikapo kachitini kamchenga kolavuliramo. Ine ndinkangoyang'ana. Amayi ondibereka nawonso anayamba choncho, ndi kusanza, thupi lisanathe.

Ndiye kunabwera za dothi. Tsiku lina masana ndinawapeza kuseri kwa khitchini akukazinga timiyala ta dothi la pachulu m'chiwaya. Linkanunkhira ngati nthaka imene yagwidwa ndi mvula yoyamba. Anatenga kamodzi n'kukaponya mkamwa, n'kumatafuna atatsinzina, ngati akudya chinthu chokoma kwambiri padziko lapansi. Awa ndi amayi omwe aja anandimenya padzanja chaka chapitacho atandipeza ndikunyambita khoma. Atandiona anabisa chiwaya kumbuyo, n'kundituma kukatunga madzi pamene ndowa inali yodzaza.

Chimene chinkandisokoneza kwambiri n'chakuti sankaonda. Ankanenepa, koma monenepa mwake mosadziwika bwino. Madiresi awo onse anawamasula m'mbali n'kuwonjezeramo nsalu. Mapazi anatupa mpaka nsapato zinakana, n'kuyamba kuvala masilipasi a amuna awo. Madzulo ndikawathira madzi ofunda m'beseni kuti aviikemo mapazi, ndinkadina chala pamwamba pa phazi, ndipo pamalopo pankatsala kadzenje kamene kankachedwa kubwerera. Ankaseka, koma ine sindinkaseka.

Ntchito sanasiye. Anangoyamba kuigwira mwa njira ina. Anasoka kapilo n'kukadzaza ndi tizidutswa tanga tija, n'kumakaika kumsana pampando. Anabweretsa kreti ya mabotolo n'kuivundikira pambali, ndipo akamasoka mabatani ndi manja ankakweza miyendo pamenepo. Akamaliza diresi imodzi ankaimirira, n'kugwira mzati wa khonde, n'kumawongola msana pang'onopang'ono, kenako n'kuyenda mpaka kumapeto kwa khonde ndi kubwerera. Pansi pa tebulo pankakhala botolo la madzi ndi kapepala ka mtedza ndi malambe. Dzuwa likapendeka ankavundikira makina, n'kundigwira dzanja, ndipo m'malo modutsa njira yachidule yopita kunyumba, tinkatsikira kumadimba, kudutsa m'mphepete mwa minda ya kabichi ndi kachewere, n'kukatulukira kutchalitchi. Pachitunda ankaima, dzanja lina lili m'chiuno, n'kumapuma mokoka mpweya. Mphepo inkaluma makutu, utsi wa m'makhitchini unkayandama pamwamba pa madenga, ng'ombe zikubwerera kumakola.

ANamaseko zimenezi sizinkawasangalatsa. Tsiku lina, akutembenuza zitumbuwa, anakuwa kuchokera pambaula yawo.

"Inu aNangozo, munthu wodwala sayendayenda chonchi. Makinawanso muwasiye, akupwetekani."

"Kusikelo akuti ndiziyenda," anayankha amayi aang'ono. "Akuti ndikangokhala ndiye miyendo izitupa kwambiri. Nanga makinawa ndikawasiya tidya chiyani?"

Mawu akuti wodwala anandilowa ngati minga. Tsono ndiye kuti zinali zoona. Koma za sikelozo sindinazimvetse. Sikelo imene ndinkaidziwa inali ya ogula kachewere ndi ya pabutchala, yokolekapo nyama. Ndinkadzifunsa kuti munthu wodwala amakamukoleka pasikelo chifukwa chiyani. Masiku opita kusikeloko ankanyamuka m'mawa atavala bwino, n'kubwerako ndi timapiritsi tofiira m'kapepala. Ankati n'towonjezera magazi. Amayi ondibereka nawonso anali ndi mapiritsi awo pawindo, ndipo sanawathandize.

Malamulo anachuluka m'nyumba mwathu, ndipo ankatsutsana. ANamaseko anati asamaime pakhomo, azilowa kapena kutuluka. Anatinso asamadye mazira. Kusikelo anati azidya mazira, dothi asiye. Ndimakumbukira amayi aang'ono atawiritsa dzira, n'kulisenda, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Analidya theka, theka lina n'kundipatsa ine. Ndinkaona kuti munthu wamkuluyu, amene ankadziwa kudula kolala popanda kuyeza kawiri, sakudziwa woti amumvere.

Tsiku lina ndinamva mayi wina wodzatenga bulauzi akunong'oneza mnzake kuti atelalawa ndi oyembekezera. Mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinaganiza kuti akuyembekezera abambo aang'ono, ndipo mwina matenda onsewa ndi a kuwasowa. Ndinayamba kumayang'anitsitsa galimoto iliyonse ya matola ikaima pamsika, kuti mwina mutsika munthu wa chikwama chachikulu. Nditawafunsa aNamaseko kuti abambo afika liti, popeza amayi akuwayembekezera, anaseka mpaka kutsokomola, n'kundipatsa chitumbuwa.

Kenako kunabwera nsalu yoyera. Linali tsiku la msika, ndipo ndinawaona amayi aang'ono akuyezetsa nsalu yaitali, yoyera mbee, kwa wogulitsa wina. Anaipinda bwinobwino n'kuibisa pansi pa zitenje za anthu. Nsalu yotero ndinali nditaionapo kamodzi kokha. Amalume anabwera nayo panjinga m'mawa wa tsiku limene amayi ondibereka anamwalira, azimayi n'kulowa nayo m'nyumba, n'kutseka chitseko. Maliro atatha, katundu wanga anamuika m'jumbo, ndipo anthu akuluakulu anakhala pabwalo n'kumakambirana za amene anditenge, ine ndili pomwepo.

Sindinauze munthu. Loweruka lotsatira, amayi aang'ono ali kuseri kuchapa, ndinatenga jumbo n'kuikamo yunifolomu, diresi la kutchalitchi, juzi ndi kapu yanga yapulasitiki. Sindinkafuna kuthawa. Ndinkangofuna kuti tsikulo likafika anthu asadzandilongedzere okha n'kuiwala juzi, monga anaiwalira kabulangete kanga ulendo woyamba uja. Ndikumanga jumboyo, kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Amayi aang'ono anali ataima pakhomo penipeni, pamene aNamaseko anawaletsa, manja akudontha thovu.

"Tiyamike, ukupita kuti?"

"Sindikudziwa," ndinatero. "Mukamwalira anditengera kwa ndani?"

Anagwira khoma n'kukhala pansi pamkeka movutikira, miyendo atatambasula.

"Wakuuza ndani kuti ndikumwalira?"

"Mwagula nsalu yoyera."

Anayamba ngati akuseka, koma kusekako kunasanduka kulira, ndipo anandikokera pachifuwa pawo. Ankanunkhira sopo ndi utsi. Atapukuta misozi ndi chitenje, anatenga dzanja langa n'kuliika pamimba pawo, m'mbali, n'kulikanikiza. Mimbayo inali yolimba ngati dzungu. Tinadikira. Mwadzidzidzi chinthu chinagunda pachikhatho panga kuchokera m'kati. Ndinachotsa dzanja ngati ndagwira khala lamoto. Ndinaganiza kuti ndi matenda aja, kuti tsopano ali ndi moyo ndipo akuyenda, kapena kuti dothi lija laumbika m'mimbamo.

"Kukubwera mlendo," anatero motsitsa mawu.

"Abambo?"

"Ayi, wina."

"Ndani?"

"Nanenso sindinamuone."

Kenako anandituma kukatenga nsalu ija ndi sizasi, ndipo pamkeka pomwepo anaidula tizidutswa ta mbali zinayi, ine ndikugwira mbali inayo kuti ikungike. Za mlendozo sindinazimvetse ngakhale pang'ono. M'nyumba mwathu munali bedi limodzi ndi mkeka wanga, ndiye mlendoyo adzagona pati? Koma ndinatenga kachidutswa kamodzi n'kukayeza pamwendo pawo, ndipo ndinaona kuti sikangakulunge munthu wamkulu. Chimenechi chokha ndicho chinandilimbitsa mtima. Zovala zanga ndinazibwezera m'katoni, kupatula juzi, imene ndinaibisa pansi pa mkeka.

Chisankho chinadutsa, zitenje za zipani zinachepa, chisanu chinayamba kutha ndipo mphepo yafumbi inafika. Amayi aang'ono anasoka mpaka pamene mimba inayamba kukhudza tebulo la makina. Ndiye m'mawa wina anavundikira makinawo, n'kunyamula beseni, zitenje ndi tinsalu toyera tija, n'kundiuza kuti akupita ku Nzama, kuchidikiro, nyumba imene azimayi amakakhala pafupi ndi chipatala cha mishoni. Anandisiya m'manja mwa aNamaseko. Galimoto itanyamuka sindinalire. Ndinangoima mpaka fumbi litatha, chifukwa amayi ondibereka nawonso anapita kuchipatala pagalimoto yotero.

Masiku amenewo ndimawakumbukira ngati a munthu wodwala malungo. Ndinkapita kusukulu, ndinkadya, ndinkagona pakati pa zidzukulu za aNamaseko zonunkhira mafuta a zitumbuwa. Ndikadutsa pakhonde paja ndinkayang'ana kumbali. Mpaka masana ena, ndikuchokera kusukulu, ndinamva nthungululu kunyumba kwathu. Ndinaima patali n'kumvetsera bwino, kuti nditsimikize kuti si kulira.

Amayi aang'ono anali atakhala pabedi, nkhope itatopa, mimba ija itaphwa. Pambali pawo panali kamunthu kofiira, kamakwinya, kovala kansalu kamodzi mwa tija tinadula. Anati ndi mchimwene wanga, ndipo patapita masiku anamutcha Limbani. Nditafunsa kumene wachokera, aNamaseko anayankha msanga kuti amayi akamugula kuchipatala. Apa ndiye mutu wanga unazunguliranso. Ngati anachita kumugula, nanga chimene chinandigunda padzanja chija chinali chiyani, ndipo chapita kuti? Ndinawayang'ana amayi aang'ono. Iwo anangoyang'ana pansi, akumwetulira, n'kundiuza kuti ndikasambe m'manja ndisanamugwire.

Patapita zaka zambiri, ndili ndi pakati panga poyamba, ndikuphunzitsa pasukulu ina ku boma, amayi aang'ono anabwera kudzandiona. Anandipeza nditakweza miyendo pampando, ndipo ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire zoona nthawi ija. Anati kwathu mimba sitchulidwa kwa mwana, ndiponso ine ndisanabwere m'nyumba mwawo inachokapo mimba ina, imene anali atauza kale aliyense. Ulendo uwu ankaopa ngakhale kuitchula mumtima. Anati munthu amene akanawauza kuti kutupa kotere n'kwabwinobwino, kupweteka kotere thamangira kuchipatala, anali mkulu wawo, amayi anga, ndipo iwo anali atapita.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti akuluakulu onse akudziwa zimene zikuchitika, ine ndekha ndiye akundibisira. Sindinkadziwa kuti mayi amene ndinkamuyang'anitsitsa uja anali mtsikana wocheperapo msinkhu wanga wa lero, mwamuna ali kutali, mwana wa malemu mkulu wake ali m'manja, ndipo m'mawa uliwonse ankadzuka n'kumvetsera kaye m'thupi mwake ngati zonse zikadalipo, asanapite kukatsegula makina.

"Ukanandifunsa ngati zitha bwino," anatero akundisisita phazi, "nanenso sindikanadziwa chokuyankha."