Nsalu Imene Ndinafunditsa Bokosi la aDaka

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaigwila imvi zili kale m'mutu, ndipo sindinachite kuifuna. Inandipeza ndili kumunda ku Mwape, ndikusosa.

Mwana wanga Malita ndiye anali wantchito pa shopu ya aDaka ku Nyimba, pafupi ndi pokwelela minibasi. Pa shopupo anthu amachajitsa mafoni, ndipo mkati muli TV yaikulu ndi bokosi lakuda la masewela. Amuna a ndevu zao, aphunzitsi, makondakita, ngakhale a ku boma, amakhala pa benchi kumenya mpila wa pa TV ndi anthu a ku Kitwe kapena ku Chipata amene sanawaonepo nkhope. Poyamba Malita anali kungoyatsa ndi kuzima. Kenaka anaphunzila kusewela, nalowa m'gulu lao la pa foni, mpaka amunawo anayamba kumuopa.

Ine sindinakondwe nazo, ndisaname. Mai wa ana atatu ndi masewela wapi ndi wapi? Koma anthu a m'gulu lomwelo ndiwo anamufunsa chifukwa chake munthu wolemba Chingelezi chabwino chotele akukalambila pa machaja. Anawauza kuti anasiya yunivesite m'chaka chachiwili atate ake atamwalila, kenaka nakwatiwa. Mmodzi wa iwo, namwino wa ku Lusaka dzina lake Mutinta, anamutumizila mafomu a maphunzilo a patali, namuuza kuti akabwela ku makalasi azigona kwa iye. Malita anabwelela ku sukulu ali ndi zaka makumi atatu ndi zinai. Ine amene ndinalekela Giledi 5 ku msasa wa othawa nkhondo ya ku Mozambique, ndinagwada pansi ndi kuyamika Ambuye.

Vuto linali lakuti maphunzilowo amafuna munthu apite ku Lusaka milungu iwili kukalemba mayeso. ADaka anati shopu yao siitseka kamba ka sukulu ya munthu wamkulu. Akafuna kupita apeze wosunga malo, apo ayi asabwelenso. Mkamwini wanga anakana, akuti iye sangakhalile mafoni a anthu kuti mkazi akavale yunifomu. Ntchitoyo ndiyo inali kumulipilila sukulu Malita. Ndiye ndinaika khasu pansi ndi kukwela njinga ya hayala.

Malita anandiphunzitsa masiku awili. M'mawa umayamba kupukuta masola a magetsi a dzuwa ndi nsalu yonyowa. Foni iliyonse ikabwela umadula kakatoni pakati, mbali zonse ziwili nambala imodzi, chidutswa china umamangilila ku foni ndi labala, china umapatsa mwini wake. Wopanda kakatoni sutulutsa foni, ngakhale akhale abusa. Machaja ali mitundu itatu, ndipo sukakamiza pini ikakana. Poyatsa umayamba inveta yopeleka magetsi, kenaka kabokosi ka netiweki, umayembekeza mpaka timagetsi take tonse tikhale tobiliwila, ndiye TV, pomaliza bokosi lakuda. Bokosilo limakhala pansi pa kaunta, mbali ya wantchito, kuopa akuba. Zogwilila zosewelela, zimene amati mapadi, umazipukuta ndi sipiliti. Zonsezi ndinazilemba kuseli kwa buku langa la nyimbo.

Asanakwele basi anandilowetsa m'gulu lao la pa foni kuti ndikasowa nzelu ndizifunsa kumeneko. Ine kulemba kumandichedwetsa, ndiye ndinali kutumiza mau. M'mawa uliwonse ndinali kuwatumizila pemphelo. Anayamba kunditcha Amai a gulu. Wina wa ku Kitwe anapempha kuti ndizipemphelela goloboyi wake, akuti ali ndi manja obooka, ine ndinamuyankha kuti Mulungu sathandiza waulesi, gulu lonse linaseka tsiku lathunthu. Ana a eni ake, sindinawaonepo, koma anandilandila.

ADaka ndiwo sanandilandile. Tsiku loyamba anati, "Amai, inu yanu ndi tsache ndi makatoni. Bokosi ili muzingoyatsa ndi kuzima. Foni yanu m'chikwama mpaka titseke." Nthawi ina ndinawafunsa chifukwa chake kabokosi ka netiweki kamayamba, TV pambuyo. Anaseka, nati ndikanakhala womva zimenezo sibwenzi ndikulima ku Mwape. Makasitomala anali pomwepo. Kuchokela apo sindinawafunsenso kanthu.

Unali mwezi wa Okutobala. Odziwa Nyimba akudziwa kutentha kwake, ndi fumbi limene malole amatiwaza akamadutsa pa msewu waukulu. Lachisanu la mlungu wachiwili aDaka anapititsa chala pamwamba pa bokosi lija, nachikweza kuti onse aone, nafunsa ngati kwathu timadziwa ukhondo. Anati mailo Loweluka kuli mpikisano, amuna a ku Nyimba ndi a ku migodi, asadzapezenso fumbi.

Kwathu chinthu cha mtengo sichikhala pamtunda. Wailesi timaifunditsa, makina osokela timawafunditsa, chikho cha mgonelo kutchalitchi chimafunditsidwa. Ndinaona timabowo kumbuyo ndi m'mbali mwa bokosi, ndinati pamenepa ndipo polowela fumbi. Loweluka m'mawa ndinatenga chitenje changa chatsopano, ndinachipinda pawili, ndinakulunga bokosi lonse ndi kutsendela bwinobwino kumbuyo kuti pasatsale mpata. Pamwamba ndinayala nsalu yanga yoluka ya maluwa ofiila. Zinakongola. Ndinajambula chithunzi, ndinatumiza ku gulu kuti aone kuti Amai akonzekela mpikisano, kenaka foni ndinaiika m'chikwama monga mwa lamulo. ADaka anali atapita ku Petauke kukatenga katundu.

Anayamba kusewela cha m'ma eiti. Shopu inadzaza, ena kusuzumila pa windo. Dzuwa litafika pamutu bokosi linayamba kulila ngati minibasi ikukwela phili. Pa TV panabwela mau a Chingelezi, koma mphunzitsi amene anali kusewela anawachotsa msanga chifukwa anali kutsogola ndi chigoli chimodzi. Patapita kanthawi TV inada. Anandiuza kuti ndiyatsenso, ndinayatsa. Inadanso, ndinayatsanso. Kachitatu kunatuluka fungo la pulasitiki wopsa. Nditagwila chitenje chija ndinabweza dzanja, chinali ngati simbi ya makala.

ADaka anafika cha m'ma fifitini, dzuwa litapendeka. Anasolola nsalu zanga pamaso pa anthu, naziponya pansi.

"Mwaphika bokosi langa."

Ndinagwada. Ine mzimai wa imvi, pamaso pa munthu wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ndinati mlandu ndi wanga, andichotse ine, andichite chilichonse, koma malo a Malita asawakhudze, mwanayo ali mkati mwa mayeso.

"Wolakwa ndi amene anakubweletsani. Mukamuuze asadzapondenso pano."

Ndinatola nsalu zanga ndi kutuluka. Ndinakakhala kuseli kwa amai ogulitsa nthochi, ndipo m'pamene ndinatsegula foni. Munali mau ambili amene sindinawamvele, onse a m'mawa. Oyamba anali a Mutinta: "Amai, chotsani nsalu msanga. Bokosi limapumila m'mabowo amenewo." Wa ku Kitwe uja naye anatumiza katatu, nthabwala zitamuthela. Anaimbanso foni kangapo, koma inali ya chete m'chikwama. Anayesa Malita, iye anali m'chipinda cha mayeso, foni yozima. Anthu a kutali anaona ngozi pa chithunzi, ine ndili nayo pa mawondo osaiona.

Ndinawapempha kuti asamuuze Malita mpaka alembe pepala lomaliza, ndipo anandisungila, nafafaniza zonse m'gulumo iye asanayatse foni. Malita anafika Lachiwili, nkhope ikuwala, atandigulila sopo wonunkhila. Ndinamuuza tili pakhomo. Anatula chikwama chake pansi. Kenaka anati iyenso analakwa, za mabowo anaziiwala chifukwa kwa iye zinali ngati kuuza munthu kuti moto umaotcha. Atatelo anandifunsa ngati ndadya. Akanandikalipila mwina bwenzi pano nditapola.

A m'gulu anayesetsa. Anapeza wokonza mabokosi amenewa ku Lusaka, wina anaimbila aDaka kuwapepesa m'malo mwathu. ADaka anakana zonse. Mlungu usanathe pa kaunta panali patakhala mlamu wao, ndipo mpaka lelo mtima wanga umandiuza kuti ndinangowapatsa chifukwa chimene anali kuchifuna kale. Mkamwini wanga anali kuuza anzake ku bala kuti sukulu ya mkazi wake inapsela m'chitenje.

Mayeso aja Malita anakhoza onse. Koma temu yotsatila sanapite posowa ndalama, ndi inayo sanapite. Anzake amene anayamba nao anapitilila, iye akugulitsa nthochi pa mawindo a mabasi, pa msewu womwewo wopita ku Lusaka. Anataya chaka chathunthu. Chaka chino walembetsanso, Mutinta wamupezela ntchito yotaipa zolemba za anthu. Ndimayamika Mulungu kamba ka ana amenewo, ndipo pemphelo la m'mawa sindinaleke kuwatumizila. Za aDaka ndimanena pakamwa kuti ndawakhululukila, koma Ambuye amene amaona mumtima akudziwa pamene ndafika.

Masiku ano ndikapatsa munthu ntchito, kaya ndi waganyu kumunda, sindimuuza chabe kuti chita ichi, usachite icho. Ndimamuuza chifukwa chake, ngakhale aoneke wosamva. Ndipo ine ndikapanda kudziwa ndimafunsa, aseke aseke. Ndinaopa kusekedwa kachiwili, ndipo manyazi angawo amene anawalipila ndi mwana wanga, ndi chaka chimene palibe adzamubwezele.