Awa Si Anga

Linali Lachiwiri m'mawa. Amayi ankavuula chinangwa chimene anaviika m'mphepete mwa nyanja, ine ndikuyanika pathandala. Mng'ono wanga Agnesi ankaseweretsa zigoba za nkhono. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, iye zinayi. Kwathu kunali kutsidya kwa nyanja, ku Mozambique, m'masiku a nkhondo.

Mfuti yoyamba inalira kumtunda, chakutchalitchi. Kenaka tinaona utsi.

Amayi sanatenge kanthu. Anabereka Agnesi ndi nsalu yonyowa, nandigwira padzanja. Manja awo ankanunkha chinangwa.

Pagombe panali boti imodzi yokha, ya thanga. Mwini wake anaima m'madzi ofika m'chiuno. Anati asodzi ake asanu akwere, aliyense ndi a pabanja pake, ena onse adikire ulendo wachiwiri. Mtima wa amayi unakhala pansi. Mmodzi wa asodziwo anali malume Bernado, mlongo wawo wa bere limodzi.

Inu obadwa pambuyo, mvetsani mwambo wa kwathu. Mwana ndi wa kuchikazi. Malume ndiwo mwini mbumba. Bambo athu atamwalira, a Bernado anaimirira pamaliro nauza mudzi wonse kuti ife ndi awo. Dzina langa ananditcha ndi iwo.

“Anu ndi ati, a Bernado?” anafunsa mwini boti.

Malume analoza akazi awo, ana awo atatu, ndi makina osokera okulunga mumkeka.

“Nanga awa?”

“Awa si anga.”

Amayi anati, “Achimwene.” Ananena kamodzi kokha. Malume anawerama ngati akukonza chingwe.

M'botimo munali mayi wina, a NyaChirwa, Mtonga wa ku Sanga, tsidya lino la nyanja, amene anakwatiwa kwathu ndi mmodzi wa asodziwo. Analibe mwana. Anthu ankawaseka Chinyanja chawo. Anatambasula dzanja nandigwira diresi.

“Uyu ndi wanga,” anatero.

Amayi anandikankha kumsana. Kenaka anayamba kumasula nsalu kuti apereke Agnesi. Mfundo yonyowa simasuka msanga. Anayesa ndi zala, anayesa ndi mano. Mfuti zinali zitafika pamitengo ya mango. Boti inachoka.

Ndinawaona ali m'madzi ofika m'mawondo, mfundo ili kukamwa.

Ulendo wonse mawondo anga anatsamira makina aja. Ndinayeza malo ake ndi maso. Pakanakwana mayi ndi mwana kumsana. Mwera utawomba madzi nayamba kulowa, malume anavula malaya nafunditsa makinawo.

Ulendo wachiwiri sunachitike.

Tinaima pachilumba china. Malume anatsika ndi katundu wawo osandicheukira. Ife tinapitirira. Tsiku lachitatu tinafika ku Sanga. Mchimwene wa a NyaChirwa, mkulu wa mpingo, ankasoka ukonde pamchenga. Anandiyang'ana, nayang'ana mlongo wake. A NyaChirwa anayankha asanafunsidwe, m'Chitonga: “Ngwangu.” Mkuluyo anasuntha, nandipatsa malo pamthunzi. Lamulungu lotsatira anandilembetsa kutchalitchi ndi chiwongo chawo. Mpaka lero sindinamvepo munthu wa m'banjamo akunditcha wobwera.

Mwezi wathawu wogulitsa usipa wina anandipeza pamsika wa Chintheche. Anati ali ndi mawu anga pafoni, ochokera kutsidya. Ndinawazindikira asanamalize moni: anali malume Bernado. Malume akalamba, maso anafa. Ana awo anapita kwa amalume awo, monga mwambo unenera. Mbumba yawo yonse ndatsala ndine. Akufuna nditumize mwana wanga wamwamuna kuti akawaike m'manda, akalowe dzina lawo.

“Mwana wa mlongo wanga,” anatero mawuwo, “magazi satayana.”

Ndine mkhristu. Ndimadya mgonero. Ndikudziwa zimene Ambuye analamula za kukhululuka, ndipo ndagwada pa nkhaniyi zaka zambiri kuposa zimene amayi anakhala ndi moyo. Koma Mulungu yemweyo amamva magazi akalira, ngakhale ali pansi pa madzi. Sindinapemphepo kuti malume afe. Ndimapempha kuti akhalitse, makutu ali otseguka. Aitane m'nyumba, asayankhidwe. Dzina lawo ligone nawo limodzi.

“Ndiwayankhe chiyani, amama?” anafunsa wa usipa uja.

Ndinatenga foni. Anandionetsa pogwira. Ndinaika pakamwa, ndi kunena mawu atatu amene anandiphunzitsa iwo eni pagombe lija. Ndinanena pang'onopang'ono, kuti wokalamba amve bwino.

A NyaChirwa anamwalira zaka zitatu zapitazo. Ndinawasambitsa ndine, monga mwana wawo woyamba. Amayi ndi Agnesi alibe manda amene ndingaloze. Ndikamabereka mdzukulu wanga, mfundo ndimamanga yosalimba.