Ndinawapatsa kapu ndi dzanja lamanzere

Anzanga achizungu amene ndimaphunzira nawo ku Crawley, dera la mumzinda wa Perth, ananditenga kukaonera filimu ya Chifalansa. Inali ya mtsikana wobwera amene anakana mchimwene wake pamaso pa apolisi, kuopa kulandidwa mapepala omuloleza kukhala m'dzikomo. Ndinalira mpaka mamina, uku ndikumutukwana mtsikanayo chamumtima.

Magetsi atayaka, munalowa wosesa. Anali a Mbewe, bambo a kumpingo kwathu amene anandichingamira kubwalo la ndege nditangofika ku Perth, n'kundisunga kwawo mwezi wathunthu.

"Achemwali, mwaswera bwanji?" anatero akumwetulira.

Anzanga aja anandiyang'ana. Ine, misozi isanaume n'komwe, ndinayankha m'Chingerezi ngati sindikuwadziwa, n'kuwapatsa kapu yomwe ndinamwera khofi kuti akataye. Ndinawapatsa ndi dzanja lamanzere, iwo analandira ndi manja awiri.

Lamulungu ndinabisala kumbuyo kwa akwaya, koma anandipezabe.

"Filimu ija ine ndimangoona mapeto ake, ndikamadikira kusesa," anatero mofatsa. "Kodi mnyamata uja anamulakwira chiyani mlongo wake?"

Ine ndinaionera yonse kuyambira poyamba, koma yankho ndilibe mpaka lero.