Madzi Amene Ndinamwetsa Chirombo

Kapasu, mesenjala wa khoti la mfumu, anabwera Lolemba m'mawa, mwezi wa Okutobala, nthawi ya Chitaganya. Sanaodire. Anangogogoda ndi ndodo, ine ndikuyamwitsa.

"Amayi, musiyeni mwanayo. Mukufunika kukhoti."

Mlandu ndinkaudziwa. Dzulo lake, pochokera kuchitsime, ndinapeza chirombo cha nyau chitagwa m'njira ya ku Pembamoyo, dzuwa lili pamutu, chikupuma movutika. Mkazi akaona zotere amathawa. Inenso ndinathawa, koma pang'ono, poti aphunzitsi a kutchalitchi kwathu ankati sungakonde Mulungu wosaoneka uku ukulambalala mnzako wooneka. Ndinabwerera, ndinakweza chigoba, ndinamwetsa. Anali bambo a khomo loyandikana ndi lathu. Wina anandiona.

Ananditsekera m'kanyumba kopanda zenera. Akanditulutsa pabwalo, funso linali lomwelo.

"Unaona chiyani?"

Ndikati mzimu, ndanamiza Mulungu. Ndikatchula dzina, ndaulula za kudambwe, ndipo mwiniwakeyo akamulanga. Ndinkangoti, "Ndinaona waludzu, bambo."

Waludzuyo ankakhala pomwepo pakati pa akuluakulu, maso pansi.

Kumenya anandimenya, koma sizimene ndimakumbukira. Mawere anatupa, mkaka n'kumanyowetsa nsalu mpaka kununkha. Kapasu ankaseka: "Taonani ng'ombe yathu, ikudzikama yokha!" Ndinapempha kuti andibweretsere mwana ayamwe. Anati khoti si chikuta.

Aphunzitsi anabwera kamodzi, anaima pakhomo.

"Mwana wanga, wakhudza za Satana. Ukaristia usalandire mpaka bambo mfumu adzabwere."

"Nanga mnzanga munkanena uja ndani?"

"Sindinkanena awa," anatero.

Anandimasula mvula yoyamba itagwa, amalume atapereka mbuzi. Ndinathamanga, ndinagwa, ndinathamanganso. Amayi anga anandichingamira panjira, nsalu yanga yoberekera ili m'manja, yopindidwa bwinobwino. Akuti mwanayo ankamumwetsa phala, kenaka anatsegula m'mimba, n'kutisiya. Anali asanamere mano.

Tsopano akuti ndine mfulu. Kuchitsime amayi anzanga amasuntha mitsuko ndikafika. Kutchalitchi ndimakhala kumbuyo, kufupi ndi khomo. Malamulo awiri aja ndimawanenabe, Mulungu ndi mnzako, koma sindidziwanso kuti munthu amawasenza bwanji onse pamodzi osataya china.

Bambo aja amadutsa pakhomo pathu ndi khasu m'mawa uliwonse.

"Mwauka bwanji, amayi?"

Ndimayankha. Dzina lawo sindinalitchule mpaka lero, ngakhale pano sindilemba. Kaya ndi chikondi, kaya ndi chokhacho chimene chinanditsalira.