Mlandu wa Filipo, amene anapita kunyanja ndi mkazi wake

Lachiwiri m'mawa ndikupalira mbatata kuseri kwa nyumba, foni inalira. Anali a Sitolo, nkhoswe mnzanga. Iwo ndi a kuchimuna, ine wa kuchikazi, pa banja la Matilida, mwana wa mlongo wanga. Matilidayo anatengedwa chitengwa ndi Filipo, mlimi wa mbatata cha kumtunda kwa Nzama uko.

"Abambo, siyani khasulo. Kuno kwaipa."

"Kwagwanji? Amenyana?"

"Bola akanamenyana. Bwerani mudzadzimvere nokha."

Bola akanamenyana! Ndinakwera kabaza mtima uli m'mwamba. Njira yonse ndikungoganiza: kapena Filipo wapereka mimba kutchire? Kapena wagulitsa feteleza n'kumwera?

Ndinapeza mphasa zayalidwa kale pansi pa mtengo wa mapichesi, anthu ali bii ngati pasiwa. Filipo atakhala pa njerwa, mutu uli pansi. Matilida pa mphasa, miyendo atatambasula. Odandaula anali mayi ake a Filipo, Anachisale, ndipo sanadikire n'komwe kuti timalize malonje.

"Ankhoswe, mwana wanuyu watenga mwana wanga n'kupita naye kunyanja."

"Kunali maliro?" ndinafunsa.

"Ayi."

"Kuli wodwala?"

"Kulibe."

"Kapena anapita ndi a kwaya?"

"Kwaya yake iti! Awiriwiri, abambo. Akuti kukangoona madzi. Madzi! Ngati kuno tilibe mjigo."

Mlandu wake unali umenewo, abale anga. Ndinasiyira khasu zimenezo.

Ndinapempha Matilida kuti afotokoze ulendowo, poti mwina pamene ndimamva kuti kunyanja panali zohotela zija timaziona pa makalendala. Aaa, ayi ndithu. Anagulitsa mbatata pa Lizulu Lachisanu, Loweruka m'mamawa n'kukwera lole ya kabichi yopita ku Monkey Bay, iye kutsogolo ndi adalaivala, mwamuna wake pamwamba pa matumba. Anatsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere akupemphera. Kamba wa ulendo anali mbatata yophika, mazira owiritsa ndi chigubu cha thobwa. Anagona pa resitihausi ya kuseri kwa msika, chitseko chake chotsekera msomali wopinda, udzudzu ukuchita nawo phwando. M'mawa mwake atachoka ku Misa anapempha malo m'boti limene linali litalipiridwa kale ndi ana a sukulu, n'kuwolokera pa kachilumba kena kapafupi.

Atafika pa zachilumbazo, Matilida anaiwala kuti ali pa mlandu. Maso anali pansi monga mwa ulemu, koma pakamwa pankakana kumvera. Akuti madzi ake umaona mpaka miyala ya pansi. Akuti ukaponya nyenyeswa za buledi, tinsomba tabuluu timabwera kudzakudyera m'manja. Akuti analowa m'madzi mpaka m'mawondo, chitenje chili chomangira, ndipo tsiku lonselo palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuitana kuti adzapatse munthu madzi osamba. Mwana ameneyu ndinamuona akubadwa, ndinamuperekeza pa ukwati wake, koma nkhope imeneyo ndinali ndisanaione.

Anachisale anadula nkhaniyo. Iwo anali ndi umboni, ndipo mboni yawo inali dalaivala wa lole uja, amene anafalitsa zonse pa Lizulu asanazimitse n'komwe injini. Choyamba, pa Golomoti Filipo anaoneka akusenda dzira n'kupatsa mkazi wake. Chachiwiri, ananyamula chikwama cha mkazi, cha maluwamaluwa, masana dzuwa likuswa mtengo. Chachitatu, ndipo apa Anachisale anatsitsa mawu, podutsa msewu anagwirana manja.

Amayi ena pa mphasa anawomba m'manja kamodzi, "Mayo ine!"

"Mwana ndinabereka ine sangachite zimenezi ali bwinobwino," anatero Anachisale. "Anadyetsedwa ameneyu. Ndi kondaine. Apongozi angawa abwerere kaye kwawo, ife timusanzitse Filipo, zinazo tidzakamba pambuyo."

Apa ndiye ndinasiya kuseka m'mimba. Mayi wa ana akuluakulu, woti walimira mudzi umenewu mpaka zikhatho zinauma, apakire katundu wake chifukwa cha dzira.

Tsono inu owerenga, tiyeni tikambirane, poti Anachisale si openga. Akungonena mokweza zimene ambirife timaganiza chamumtima. Kwathu kuno munthu sayenda ulendo wopanda chifukwa, ndipo zifukwa zololedwa n'zodziwika: maliro, chipatala, geni, chinkhoswe. Ukakumana ndi mwamuna ndi mkazi wake pa siteji atavala bwino, sufunsa kuti mukupita kuti. Umafunsa kuti, "N'kwabwino?" Akati n'kwabwino, umayamba kuwakayikira.

Nanga kunyanjako anthu sapita? Amapita, kwambiri. Amayi a kumpingo amadzaza minibasi, amakasamba, amakajambulitsa, koma poti anayamba ndi pemphero n'kunyamula ng'oma, umenewo ndi ulendo wauzimu. Mabwana a m'maofesi amakakhala komweko sabata yathunthu kukambirana za umphawi wa ife a kuno, chambo chili m'mbale, ndipo imeneyo ndi ntchito. Ngakhale ana a sukulu aja anali m'boti, amenewo akuti amaphunzira za nsomba.

Ndipo tisanamizane. Ndi amuna angati pa Manjawira, pa Lizulu, pa boma pomwe, amene anapitapo kunyanja ndi kachibwenzi? Timawadziwa ndi mayina omwe. Kodi munamvapo kuti ankhoswe aitanidwa kuti akawasanzitse? Anzawo amangowagwira chanza pa bawo, n'kumati akuluakulu awa ndi oopsa. Mwamuna akasendera dzira mkazi wa eni, ndi dolo. Akasendera wake, wadyetsedwa.

Mkazi wa m'nyumba ife timamutengera ulendo pawiri pokha. Timamukweza pa njinga akamapita kukachira, ndiye timadzamuperekeza bwinobwino, ndi nyimbo ndi nkhata zamaluwa, tsiku lomaliza lija. Pamenepo ndiye timabwereka ngakhale lole.

Ndinanena zonsezi pabwalopo? Zina ndinanena, ndipo a Sitolo ankangonditsina pa bondo kuti ndichepetse. Koma ndinaona kuti mawu a nkhoswe sangathetse nkhaniyi. Woti aithetse anali mmodzi, ndipo anali atakhala pa njerwa. Ndinamutembenukira.

"Filipo, mayi ako akuti unadyetsedwa. Tauza anthuwa. Ulendowu anayambitsa ndani, ndipo munapitiranji?"

Kunena zoona ndinkadziwa yankho, chifukwa Matilida anali atandinong'oneza kale kuti maganizo onse anali a mwamuna wake. Ndinkangofuna alinene yekha. Akanangoti, ndine ndinafuna, ndi mkazi wanga, ndinafuna akaone nyanja. Anthu akanaseka, inde. Anzake akanamutcha mayina mpaka nyengo yokolola. Koma palibe akanafa.

Matilida anadzutsa mutu koyamba tsiku limenelo, n'kumuyang'ana.

Filipo anayang'ana mayi ake. Anayang'ana amuna anzake amene anaima m'mbali mwa khola, manja m'thumba, akumwetulira. Anakanda m'mutu, n'kutsokomola.

"Amalume, nkhani yake ndi yoti... tinapita kukafufuza mitengo ya usipa. Timaganiza zoyamba geni."

Eee! Mukanaona mmene bwalo linapumira. A Sitolo anaseka mpaka kupukuta misozi. Amuna a pakhola paja anagwedeza mitu, kuti tinadziwa ife, Filipo si munthu wopusa. Anachisale anachita kuimirira.

"Nanga osanena kale bwanji, mwana iwe! Kundivutitsa mtima chonsecho ndi nkhani ya nzeru!"

Za dzira zinaiwalika pomwepo. Munthu wa geni akhoza kusenda dzira, amakhala akuganiza zambiri. Chikwama ananyamula chifukwa munali ndalama. Kugwirana manja kuja, magalimoto a kunyanja amathamanga.

Ine magazi anali atawira. Ndinafunsa Matilida, pamaso pa onse, ngati zimenezo zinali zoona. Ndinkafuna akane. Anagwada bwinobwino, maso pa mphasa.

"N'zoona, amalume."

Akanatani? Akanati bodza, akananyazitsa mwamuna wake pagulu, iye n'kugona kwa ine usiku womwewo ndi katundu wake. Anasankha banja.

Koma Anachisale anali asanamalize. Geni ya usipa inawasangalatsa zedi. Anati pa Lizulu usipa umayenda malonda, ndipo poti apongozi awo njira aidziwa tsopano, azipita mwezi ndi mwezi kukapikula. Okha, chifukwa Filipo ali ndi dimba, ndipo kulipira anthu awiri pa lole n'kuwononga mpamba. Bwalo lonse linavomereza. Anatiphera nkhuku ankhoswefe, kutithokoza kuti tamanga banja.

Pobwerera, Matilida anandiperekeza mpaka pa msewu podikira kabaza. Tili m'njira ndinalephera kupirira, ndinayamba kumunyoza Filipo, kuti ndi wamantha, kuti thalauza anangovala. Anandiletsa.

"Musawanyoze, amalume. Pachilumba paja anandiuza chimene tinapitira. Anandiuza bwinobwino, mpaka ndinalira. Ndimangofuna achinenenso pali anthu, kamodzi kokha."

Mwezi ukatha, mukadzaona mayi ali yekha pamwamba pa lole ya kabichi yotsika Khwekhwelere, dengu lopanda kanthu lili pamiyendo, ameneyo ndi mwana wa mlongo wanga. Nyanja akaionanso, ali pa mzere wolimbirana usipa. Chilumba chija azikachionera patali, poti wa geni sakwera boti.

Amuna anzanga a ku Ntcheu, Filipo amanyamula yekha thumba la mbatata kuchokera kudimba mpaka pamsewu osapumira. Tandiuzani, mawu oti "ndimamukonda mkazi wanga" tinawalemeretsa ndi chiyani, kuti munthu ngati ameneyo alephere kuwanyamula pamaso pa mayi ake?