Chinkhwe cha Abambo a Ziphaso

Abambo oyang'anira ziphaso za nyama zakutchire pachipata cha dziko akalambira pa desiki imodzimodzi. Akaona pepala amayamba ausa kaye moyo asanadinde. "Malamulowa amalembedwa kutali," amatero, "koma okolopa zitosi ndife."

Mu ofesi yawo muli chinkhwe chimene analanda kwa wozembetsa zaka zisanu zapitazo. Kuti chibwerere kwawo, pangano la mayiko limafuna zilolezo ziwiri, koma cha uko chikamafika, cha kuno chimakhala chitatha mphamvu.

Tsiku lina abwana anabwera kudzawauza kuti nthawi yopuma pantchito yakwana.

"Nanga mnzangayu apita liti kwawo, bwana?" anafunsa abambowo.

Abwana asanatsegule pakamwa, chinkhwe chinausa moyo, n'kuyankha ndi mawu a abambo omwewo: "Mubwerenso mawa."