Dzina la Bambo M'chipinda cha Mdima

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene aphunzitsi athu a zojambula anatitenga pa basi kuchoka ku South Bend, mzinda wa kuno kutsidya kwa nyanja kumene tinasamukira, kukaona chionetsero ku Indianapolis. Amayi anadzipereka kutiperekeza, ngakhale anali atangoweruka kumene ku nyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito.

Chipinda chomaliza chinali cha mdima wa ndiweyani. Mwini chionetserocho anali mayi wa mtundu wa eni nthaka a dziko lino. Anatiuza kuti kwawo amati omwalira amayenda m'njira ya nyenyezi. Pakati pa chipindacho anaimikapo maikolofoni. Munthu akatchula dzina la m'bale wake womwalira, kagetsi kamodzi kankayaka kudenga.

"Si zamizimu izi?" Amayi anandinong'oneza. "Ine ndine wa Mvano, usaiwale."

Ndinawayankha m'Chingerezi kuti ndi luso chabe. Ananditsina pamkono.

Tinandanda pamzere. Anzanga ankatchula mayina a agogo awo mopanda mantha, ngati akuitana mnzawo wa mpira, ndipo denga linayamba kudzaza. Bambo anamwalira ku Zomba ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Dzina lawo ndinkangoliona pa mapepala, koma pakamwa panga linali lisanatulukepo. Kwathu mwana satchula dzina la bambo ake, ngakhale Amayi sindinawamvepo akulitchula. Kulitchula iwo ali kumbuyo kwanga kukanakhala mwano. Komanso sindinkafuna kuti agogo a aliyense ayake kumwambako, Bambo okha n'kutsala mumdima.

Nditafika pa maikolofoni ndinangoti, "Adadi," chapansipansi. Kudenga sikunasinthe kanthu.

Mwini chionetsero uja anandiuza mofatsa kuti ndikweze mawu, nditchule dzina lenileni, kuti adziwe kuti ndi iwo akuitanidwa. Aphunzitsi anayang'ana wotchi. Mnyamata wina kumbuyo anaseka n'kufunsa ngati ndaiwala dzina la bambo anga.

Kenako ndinamva fungo la sopo wa kuntchito kwa Amayi pafupi ndi khutu langa. Ndinadziwa kuti basi, andikokera panja pamaso pa kalasi yonse.

Anandisuntha pang'ono ndi phewa, nawerama pa maikolofoni, manja atagwira kumbuyo monga amachitira polankhula ndi akuluakulu. Anati, "Abambo a," kenako anatchula dzina langa, mokweza, mmene ankawaitanira kwathu.

Kagetsi kanayaka pakona, kotuwa, pafupi ndi chitseko.

M'basi pobwerera ndinakhala pambali pa Amayi. Ndinatulutsa kope langa la tsiku ndi tsiku kuti ndilembe. Tili pakati pa minda ya chimanga anandigwira bondo.

"Izi usakazinene kutchalitchi."

"Sindikanena."

Anayang'ana pawindo, kenako anafunsa, "Mwa tonse tija, kathu kanali kati? Ine maso anga anali atatseka."